Bowa wachilendo wamera pakhomo: mmene mungamudziwire musanateleke mphika

Mu Disembala chaka chatha, mvula itagwa usiku wonse, ana anandidzutsa m'mamawa kuti kuseri kwa nyumba, patsinde pa nsungwi, pamera chinthu. Tinachipeza chili njo, chotalika ngati chikhatho, choyera, chofewa ngati siponji, kumutu kwake kuli zakuda zonanda ngati matope a m'dambo. Kuchokera m'khosi mwake munalendewera kaukonde koyera kotsala pang'ono kukhudza pansi, maso ake olongosoka ngati kanachita kulukidwa ndi munthu. Fungo ndiye losasimbika, la khoswe wofera kudenga, ndipo ntchentche zobiriwira zinali zitatitsogolera kale. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda n'kunena monong'ona kuti, "Aneba, musachikhudze chimenecho, wina wakuikirani." Pofika masana chinali chitafota n'kugwa chokha.

Palibe anatiikira kanthu. Anali bowa amene akatswiri amamutcha Phallus indusiatus. Amayamba ngati dzira lofewa lokwiririka m'zinyalala zowola, dziralo limang'ambika, ndipo m'maola ochepa thupi lonse latuluka. Kununkhako ndi nyambo: ntchentche zimatera pamutu paja n'kunyamula njere zake kukazitaya kwina.

Bowa wotero savuta, chifukwa palibe mayi angamuponye mumphika. Amene amagoneka banja lonse m'chipatala ndi uja wooneka bwino, woyera, wonenepa, wofanana pang'ono ndi ndiwo imene tinazolowera, koma wamera pamalo pamene sitinamuonepo. Njira ndikulongosola apayi imagwira pa onse awiri, ndipo zofunika zake muli nazo kale m'nyumba: mpeni, nyuzipepala yakale, mbale, foni ndi cholembera.

Choyamba, musazule msanga. Yang'anani pamene wamera

Chimene timachiona pamwambachi chili ngati chipatso. Mwini wake ndi timaulusi toyera tomwe tayanga m'nthaka, m'chitsa kapena m'chulu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi pake podyera. Ndiye gwadani pansi kaye, muone chimene bowayo wamerapo ndi mtengo umene uli pafupi.

Ngati ndi pachulu kapena m'mbali mwake, ganizirani za gulu la Termitomyces. Chiswe chimalima bowa ameneyu m'kati mwa chulu, pa zisa zimene chimaumba ndi udzu ndi nkhuni zotafunatafuna, ndipo mvula ikalowa pansi, nyengo ya inswa ija, iye amaboola dothi kutulukira kunja. Nyonzwe, manda uja waung'onoung'ono womera mwaunyinji, ndi utale wamkulu, onsewa ndi ana a chulu. Wamkulu koposa, Termitomyces titanicus, chipewa chake chimatha kutambasuka mpaka mita imodzi. Makolo akhala akumudya kuyambira kalekale, koma m'mabuku a sayansi analowa mu 1980, pamene David Pegler wa ku Kew ku England ndi Graham Piearce analemba za bowa wodyedwa wa m'Zambia muno. Komabe si chilichonse chomera pachulu chili cha chiswe, ndipo tibwererako.

Ngati ndi m'tchire, pansi pa mombo, mtondo kapena msuku, bowayo nthawi zambiri amakhala pa ubale ndi mizu ya mtengowo. Mtengo umamupatsa shuga, iye amaupatsa madzi ndi zakudya za m'nthaka. Ndelema, amene anzathu a ku Lusaka ndi kumpoto amati tente, ndi manyame achikasu kapena ofiira aja, amakhala motero. N'chifukwa chake palibe wawalimapo m'thumba ngati bowa wa m'mashopu, ndiponso n'chifukwa chake kumene owotcha makala adutsa, amayi ozula bowa amayenda mtunda wautali chaka ndi chaka asanadzaze dengu.

Womera pachitsa kapena pamtengo wogwa ntchito yake ndi kuwoletsa nkhuni. Ambiri ndi olimba ngati chikopa. Mukaona wofiirira wonyezimira ngati wapakidwa vanishi, wotuluka ngati shelefu patsinde pa mtengo wamoyo, kawirikawiri ndi wa gulu la Ganoderma, ndipo akukuuzani kuti mtengowo ukuwola m'kati. Ngati ndi mango kapena malaina wotsamira denga lanu, nkhani yaikulu si dzina la bowa ayi, ndi mphepo ya mu Febuluwale.

Malo awiri ndi amene ine ndimawakayikira kwambiri. Oyamba ndi pakapinga, pabwalo la mpira, pakhola ndi padzala la manyowa. Achiwiri ndi pansi pa paini ndi bulugamu. Mitengo iyi ndi yobwera, ndipo inabwera ndi bowa wakwawo m'mizu. Kum'mwera kwa Africa kuno, m'minda ya paini mumamera Amanita muscaria, wofiira wamadontho oyera, ndipo Amanita phalloides, amene amapha anthu ambiri kuposa bowa wina aliyense padziko lapansi, wapezeka pansi pa mitengo yobwera monga paini ndi oak. Nzeru za ambuya athu anaziphunzira m'tchire la mombo. Pansi pa paini nawonso ndi alendo.

Jambulani asanasunthidwe

Apa sipafunika luso. Chithunzi chimodzi cha patali choonetsa mitengo ndi nthaka, china cha pamwamba pa chipewa, china cha m'mbali foni ili pafupi ndi pansi. Ikani bokosi la machesi kapena ndalama yachitsulo ya K1 pambali kuti woona adziwe kukula kwake. Zithunzi zambiri zimene anthu amatumizirana pa WhatsApp ndi za pamwamba pokha, ndipo ndi chithunzi chotero ngakhale katswiri amangoti kaya. Lembani tsiku, malo, ndiponso ngati wamera yekha, mwamagulu, kapena mozungulira ngati ana akuvina.

Kumbani, musadule

Amene amazula bowa wogulitsa amakonda kudula tsinde kapena kuthyola, kuti dothi lisadetse ndiwo. Pofuna kudziwa dzina musatero, chifukwa umboni waukulu umatsala pansi. Lowetsani mpeni kapena kamtengo chapatali pang'ono ndi tsinde, mutukule bowayo ndi dothi lake lomwe, kenako musase dothilo pang'onopang'ono ndi chala. Kumugwira si vuto: ngakhale wakupha uja salowa pakhungu, bola musambe m'manja musanadye kanthu. Ngati alipo ambiri, tengani atatu, wamng'ono wosatambasuka, wapakati ndi wokhwima, chifukwa bowa amasintha nkhope akamakula.

Tsopano yang'anani kumunsi. Ana a chulu aja, kupatula manda, tsinde lawo limapitirira pansi ngati muzu wautali wosongoka, kutsikira ku zisa za chiswe, nthawi zina kupitirira mkono. Mukaukoka umadukira m'njira. Pamwamba pa chipewa pakati nthawi zambiri pamakhala kansonga kolimba, kamene anaboolera dothi potuluka. Womera pachulu wopanda muzuwo ndiponso wopanda kansongako, musamuwerengere m'gulu la nyonzwe.

Mukapeza tsinde lakhala m'kathumba koyera kong'ambika, ngati chikamba cha dzira lofewa, imani kaye. Chimenecho ndi chizindikiro cha banja la Amanita, ngakhale pali ena ochepa akunja kwa banjali amene nawonso ali nako. Vuto lake ndi lakuti banja limeneli muli ndiwo yathu yokoma ndiponso muli wakupha. Ndelema ndi Amanita zambiana, dzina limene Pegler ndi Piearce anamupatsa mu 1980, ngakhale mabuku ena tsopano amalemba Amanita loosei. Ali ndi kathumba, ali ndi mphete yolendewera kumtunda kwa tsinde ngati kasiketi, ndipo pansi pa chipewa ndi woyera. Amanita phalloides nayenso ali ndi zitatu zonsezi. Ndelema chipewa chake chimakhala choyera m'mphepete, chodera pakati, ndipo m'mphepetemo muli timizere ngati ta chipeso. Wakupha uja chipewa chake chimakonda kubiriwira motuwa kapena kuchita chikasu, m'mphepete mosalala, koma mvula imamusulutsa mpaka kuyera. Ndikunena izi kuti muone kuchepa kwa kusiyana kwake, osati kuti muzisankhira pamenepa. Bowa woyera wakathumba amene simunamuzule pansi pa mombo, limodzi ndi munthu womudziwa, asafike kukhitchini.

Kulungani aliyense payekha m'nyuzipepala. M'pulasitiki bowa amachita thukuta, ndipo ndi kutentha kwa ku Chipata mukafika kunyumba mupeza phala.

Tembenuzani chipewa, kenako mung'ambe pakati

Pansi pa chipewa pamagawa bowa m'mabanja. Ena ali ndi timasamba topyapyala toima ngati mapepala a buku. Onani mtundu wake, ndiponso ngati tamatirira kutsinde, tatsika nalo, kapena taleka kampata. Manyame alibe timasamba tenitenito, ali ndi makwinya ochindikala otsetsereka kutsinde, ochita nthambi, osatheka kuwasenda padera, ndipo fungo lake limapita ku chipatso. Ena pansi pake ndi tizibowo ngati siponji. Ena alibe chipewa n'komwe: ndi mpira woyera umene ukakhwima umafuka fumbi ukaupondapo, uja ambuya anga ankati fodya wa nyani. Pali wina wotero amene khungu lake lakunja limang'ambika n'kutambasuka ngati nyenyezi, ndi tina tating'ono pankhuni zowola tooneka ngati chisa chokhala ndi mazira. Odabwitsa ambiri amene anthu amatumiza zithunzi zawo amagwera m'magulu amenewa, ndipo sawononga kanthu pakhomo.

Dulani bowayo pakati kuyambira pachipewa mpaka kumunsi, mudikire mphindi 5 mukuyang'ana. Tsinde lili ndi mphako kapena ndi lodzaza? Likuthyoka phwa ngati choko, kapena likung'ambika mwaulusi ngati nzimbe? Othyoka ngati choko ndi a magulu a Russula ndi Lactarius, ndipo a Lactarius amatuluka mkaka mukawatema. Kabansa amene amagulitsidwa kwambiri ku Copperbelt ndi mmodzi wa iwo. Ena asiponji aja amasanduka abuluu mpeni ukangodutsa, ana amakondwa nazo, koma kusandukako sikunena kuti ndi woopsa kapena wabwino. Ndi chizindikiro chongothandiza kupeza dzina. Nunkhizani, mulembe fungo m'mawu anuanu: la ufa, la nsomba, la sopo, la mankhwala a m'chipatala. Kulawa ndiye ayi.

Mugoneke papepala usiku umodzi

Njere za bowa ndi fumbi losaoneka ndi maso likakhala limodzilimodzi, koma likaunjikana limaonetsa mtundu, ndipo mtunduwo susintha ngakhale chipewa chisuluke. Tengani chipewa chokhwima koma chosawola, dulani tsinde, muchivundikire timasamba tiyang'ane pansi, theka papepala loyera la m'kope, theka pa chinthu chakuda, kuti fumbi loyera lionekenso. Donthezani kadontho ka madzi pamwamba pake, vundikirani mbale kuti mphepo isalowe, muike patali ndi ana, nkhuku ndi chakudya. Pakatha maola 6 mpaka 8 limakhala litagwa, koma usiku wonse ndiye bwino.

Njira iyi inatipulumutsa chaka china mu Januwale. Mlamu wanga anatulukira ndi beseni lodzaza bowa woyera waukulu ngati sosala, wamambamamba pamwamba, wamphete patsinde, amene anamupeza atazungulira pakapinga wa pabwalo la mpira. "Alamu, lero ndiwo yaulere, uzani amayi asinje nsinjiro," anatero. Timasamba take tinali toyera bwinobwino pa aang'ono, koma pa wamkulu mmodzi tinali todera ngati nsalu yosachapa. Ndinapempha usiku umodzi. Tinadyera nyemba, alamu akung'ung'udza. M'mawa titavundukula mbale, papepala panali chithunzi cha timasamba tonse, chobiriwira motuwa ngati nkhungu ya pansima yogona masiku. Fumbi lobiriwira pa bowa wotereyu ndi Chlorophyllum molybdites. Amakonda kapinga ndi malo a manyowa m'maiko otentha, ndipo womudya amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba koopsa pakangotha ola limodzi mpaka maola 3. Wamkulu kawirikawiri amachira, koma mwana kapena nkhalamba madzi amatha msanga m'thupi.

Mitundu ina imangochepetsa malo ofunafuna. Ana a chulu fumbi lawo limafiirira pang'ono ngati mkati mwa gwafa wosapsetsa, ngakhale pali ena oopsa a fumbi lofananako amene alibe muzu uja. La ngati khofi wakuda ndi la gulu la Agaricus, abale a bowa wa m'mashopu, koma pakati pawo amene amachita chikasu kumunsi kwa tsinde mukamukanda, n'kumanunkha ngati inki, amapweteka m'mimba. La ngati dzimbiri, makamaka pa timabowa tating'ono tofiirira ta pankhuni, tisiyeni, muli ena a poizoni yemwe uja wa Amanita phalloides. Loyera ndiye silikuthandizani pa funso lalikulu, chifukwa ndelema ndi wakupha uja onse amagwetsa loyera.

Tsopano funsani, ndipo funsani oyenera

Safunsa anadya phula. Tengani bowa wathunthu, ndi kumunsi kwake komwe, mupite naye kwa amayi amene amazula chaka ndi chaka. Nyengo ya mvula muwapeza pamsika wa Kapata, pa Saturday Market, ndi m'mbali mwa Great East Road kuyambira ku Katete mpaka ku Petauke ndi Nyimba, mbale zili ndandanda. Musafunse kuti "Kodi amadyedwa?" pokha. Funsani dzina, kumene amamuzula, mwezi wake, ndi mnzake wofanana naye amene amamusiya. Wodziwadi amayankha funso lomalizali mosachedwa. Ine nditapita ndi wina wofiirira wa pansi pa bulugamu, ambuya ena anamutembenuza kawiri, kumununkhiza, n'kundibwezera: "Mwananga, uyu si bowa, n'chirombo. Kwathu sitimudziwa." Yankho limenelo ndimalilemekeza kuposa la mnyamata wofulumira kutchula dzina. Kumbukiraninso kuti maina amasintha: limene Achewa a ku Katete amatchula bowa wina, Ansenga a ku Petauke kapena Atumbuka a ku Lundazi akhoza kutchula nalo wina, kapena osalidziwa.

Foni ili ndi malo ake. Pa pulogalamu ya pafoni yotchedwa iNaturalist mungaike zithunzi zonse, malo ndi tsiku, ndipo anthu odziwa a m'maiko osiyanasiyana amatha kuthandiza, nthawi zina patapita milungu. Google Lens imayankha pompopompo, koma zithunzi zambiri zimene mapulogalamu otere anaphunzirirapo ndi za ku Ulaya ndi America, ndiye bowa wa m'tchire la ku Chadiza amam'patsa dzina la msuweni wake wa kutali. Dzina la pafoni ndi poyambira kufufuza. Pa nkhani ya mphika silikwanira.

Zoyesera zimene timamva m'midzi nazonso musazidalire. Akuti ngati fulu, pusi kapena nkhono zadya ndiye kuti ndi wabwino, koma mimba zawo si zathu, ndipo nkhono zimadya Amanita phalloides osamva kanthu. Akuti supuni kapena anyezi amada mumphika wa bowa woipa: sizichitika. Akuti kuwiritsa n'kutaya madzi kumachotsa ululu. Pa mitundu ina yowawa kumathandizadi, koma poizoni wa wakupha uja satha ndi moto, satha ndi mchere, satha ndi kuyanika padzuwa, ndipo theka la chipewa chimodzi likhoza kupha munthu wamkulu.

Ngati wina wadya kale

Funsani nthawi imene anadya ndi nthawi imene m'mimba munayamba. Kudwala msanga n'koopsa, koma kochedwa, pakati pa maola 6 ndi 24, ndiko koopsa kwambiri, chifukwa ndi mmene poizoni wowononga chiwindi amayambira. Munthu amasanza ndi kutsegula tsiku limodzi, kenako amaoneka ngati wachira, amadzuka n'kupempha phala, abale n'kumati zatha. Tsiku lachitatu kapena lachinayi maso amachita chikasu, chiwindi chitaonongeka kale.

Musadikire zimenezo, ndipo musataye nthawi ndi mkaka, mafuta ophikira kapena kachasu. Pitani kukiliniki yapafupi nthawi yomweyo, onse amene anadya nawo, ngakhale amene akuti ali bwino. Ofunika chithandizo chachikulu amatumizidwa ku zipatala monga Chipata Central, St Francis ku Katete kapena Mwami. Nyamulani zotsala mumphika, bowa wosaphika ngati alipo, ngakhale makoko a padzala, pamodzi ndi zithunzi zija. Panjira wodwala amwe madzi a ORS pang'onopang'ono. Kuchipatala nenani mawu oti bowa poyamba pomwe, chifukwa nyengo ya mvula ndi nyengonso ya kolera ndi malungo, ndipo kusanza kumafanana.

Sungani mmodzi

Ngati dzina silinapezeke, kapena mwapeza chinthu chosowa, dulani bowayo mopyapyala, muyanike padzuwa pa lichero, kapena pafupi ndi mbaula tsiku la mitambo, mpaka aziti khobo mukamuthyola. Muikeni m'envulopu limodzi ndi pepala la fumbi lija lopindidwa, mulembepo tsiku, malo, mtengo wapafupi ndi mawu akuti OSADYA m'zilembo zazikulu, chifukwa m'nyumba zathu bowa wouma ndi ndiwo ya m'chilimwe. Bowa wouma bwino akatswiri amathabe kumuyeza patapita zaka.

Otsala pabwalo, ngati pali ana okwawa, azuleni muwakwirire. Mankhwala opopera musagule, ulusi uja uli pansi ndipo adzatulukanso mvula ikakwana. Patsinde pa nsungwi paja ndinakhomapo kachikhomo, ndipo nditafukula masamba owola ndinapeza mazira ena awiri, ofewa ngati tomato wakupsa, olumikizidwa ndi kachingwe koyera. Limodzi ndinalidula pakati: munali zoterera ngati therere, ndipo kamutu kakuda kaja kanali katapindidwa kale m'kati. Linalo linang'ambika patapita masiku 4, ndipo ulendo uno aneba anabwera okha ndi foni.